Una wa Khomo Limodzi

Ndimaweruka folo koloko mbandakucha,
manja akununkha sopo wotsukira mathiramu,
ndipo njira yanga imadzera pa kapinga
wopyapyala ngati lamba
pakati pa misewu iwiri ya mu Frankfurt.
Akaluluwo ndimakumana nawo pamenepo.

Chaka choyamba ankandithawa.
Ndikangoponda tsamba louma,
timichira toyera balala!
kapinga n'kutsala yekha.
Lero ndimadutsa ndi majombo anga olemera,
wina n'kungodzutsa khutu limodzi,
linalo osavutika nalo.

Ambulansi ikalira, sasiya kutafuna.
Thiramu ikakukuta mano pa njanji,
amadziwa kuti chitsulocho sichipatuka.
Galu wa mayi Wiebke amawauwa mpaka thovu kukamwa,
koma iwo anachiyeza kale chingwe chake:
mikono itatu basi.
Amadyera pa mkono wachinayi.

Kwathu ku mapiri a Vogelsberg, ndili mnyamata,
ine ndi mkulu wanga Ekkehard
tinkagona chafufumimba kuwerenga makomo a una umodzi
mpaka zala kutithera.
Mtundu wonse pansi pa nthaka,
azakhali, alamu, tiana tosaphenya,
kufunditsana mpweya chipale chikagwa.
Kuno una ndi wa khomo limodzi, akachuluka awiri,
pansi pa chikwangwani cha banki,
kuseri kwa bini,
m'mizu ya mtengo umene khonsolo inaulemba nambala.
Aliyense kachipinda kake.

Sindiwaseka.
Nanenso khomo langa ndi limodzi, pa nsanjika yachisanu,
mpando umodzi, kapu imodzi pa sinki
chichokereni Irmtraud.
Wa kuseri kwa khoma ndimamudziwa ndi chifuwa chake,
dzina ayi.

Bambo Tuncay, wosamalira maluwa,
amawatukwana m'zinenero ziwiri.
Anabzala mbande mazana atatu Lachiwiri,
pofika Lachinayi n'kuti patatsala timapesi.
Anatchinga ndi waya, iwo anadzera pansi.
Koma tsiku lina chisanu chikuluma makutu
ndinamuona akugwetsa makoko a apozi m'mbali mwa mpanda,
maso ali kumwamba
ngati akuwerenga mawindo a banki.

Si onse amene amaphunzira.
Lolemba ndinapeza kamodzi m'mphepete mwa phula,
kataphwanyidwa ndi tayala,
ubweya ukugwedezeka ndi mphepo ya magalimoto
ngati kakupumabe.
Khwangwala anali atafika kale pamwamba pa nyali,
akudikira kuti ndichoke.
Ndinakakulunga m'nyuzipepala ya dzana
n'kukaika pansi pa chitsamba.
Anzake anali pomwepo, masitepe asanu okha,
akubudula udzu,
ndipo ndinawapsera mtima.
Ndili pa masitepe a kunyumba m'pamene ndinakumbukira
kuti Irmtraud tinamuika Lachitatu,
Lachisanu ine ndinali pa ntchito,
ndikukolopa thiramu ya nambala sikisitini
mpaka pansi pake kuoneka nkhope yanga.

Usiku wa kuno sukuda,
mitambo imangofiirira ndi magetsi mpaka kucha.
Sindidziwa ngati anabadwira pa kapingawa
anaonapo nyenyezi zoposa zitatu,
kaya anamvapo fungo la munda wongogalauzidwa.
Mwina sazisowa.
Mwina wozisowa ndine, n'kumawanamizira iwo.

Dzulo pa mphambano loboti inali yofiira,
msewu uli zii, opanda ngakhale njinga.
Ndinaima, monga anatiphunzitsira tili ana.
Pambali pa jombo yanga kena kanakhala tsonga,
mphuno ikugwira ntchito,
makutu akutembenukira uku ndi uku
ngati kakufunsa msewu wokhawo.
Tinadikira limodzi, ine ndi iko,
anthu awiri ochokera kutchire.
Kenaka kanayamba, osathamanga n'komwe,
tsidya, n'kulowa m'maluwa a bambo Tuncay.

Ine ndinatsala chiimire,
manja m'thumba,
kudikira kuti nyali indilole.