Mawu a Bambo Anga M'khoti la ku Valparaíso

Dokotala atachotsa kholingo la bambo anga
anatiuza kuti chotupa chatuluka chonse.
Sananene kuti mawu atsalira kuti.

Ndinawapeza ndine, Lachiwiri lina, pa foni,
ndikudikira kuti kampani ya magetsi indiyankhe:
"Musadule, ndinu ofunika kwa ife."
Kapu inandipulumuka m'manja.
Kunali kukoka mpweya kuja asananene "ife",
kamluzu kaja ka dzino lobenthuka
lomwe anaswa pa masitepe a ku Cerro Barón ali mnyamata.
Makina anatola ndi kamluzu komwe.

Zaka makumi atatu ndi zinayi, Eleuterio Cárcamo
anali mbava, wansembe, kaputeni wa sitima yomira
m'masewero a pawailesi, usiku uliwonse ikakwana naini.
Lero akugulitsa inshuwalansi ya maliro,
akulengeza kuchedwa kwa mabasi a ku Quilpué,
mwini wake ali khale kunyumba, kansalu pakhosi,
akulemba "madzi" m'kabuku.

Tinakasuma.

Loya wa kampani anamanga batani la jekete, nati:
Sitinabe kanthu ife.
Matepi tinagula nyumba ya wailesi itatsekedwa,
makatoni makumi asanu ndi limodzi, lisiti nali.
Makina athu sakopera, amangomvetsera n'kuphunzira
monga mwana aphunzirira kwa kholo lake.
Ndinafuna kudzambatuka:
mwana wa bambowa ndine,
ndinayamba kuwamvetsera ndili m'mimba,
koma mawu awo ndilibe!
Loya wathu anandigwira mkono.

Kenaka anatulutsa pepala lofiirira la mu 1989,
siginecha ya bambo ikadali njo,
ndime yachisanu ndi chiwiri, timalemba ngati mazira a nsabwe:
"m'njira zonse zodziwika ndi zimene zidzadziwike."
Malipiro a tsiku limenelo
anangokwana nsapato zanga za kusukulu.
Ndinazivala zaka ziwiri, zinang'ambika.
Ndimeyo sinang'ambike.

Woweruza, mayi Ilabaca, anavula magalasi.
Malamulo athu, anatero, amadziwa mwini buku,
mwini nyimbo, mwini chithunzi.
Akafika pa mwini mmero amachita chibwibwi.
Bambo Cárcamo, mungatsimikize kuti mawuwa ndi anu?
Khoti lonse linati zii.
Bambo anayasama.
Panangomveka kamphepo ka pabowo la pakhosi.
Analemba, ine n'kuwerenga mokweza:
"Afunseni makinawo dzina la mkazi wanga."

Mlandu anauimitsa kaye mpaka Ogasiti.

Koma pali china chimene sindinamuuze loya wathu.
Mayi anga, a Nolfa, anaiwala kale msewu wakwathu,
dzina langa, ntchito ya supuni.
Bambo akakhala pambali pawo
amawayang'ana ngati mlendo wodikira naye basi.
Usiku wina nditadzuka kukamwa madzi
ndinapeza chitseko chawo chili pululu, nyali yozima,
bambo ataimba nambala ya kampani ya magetsi,
foni ataigoneka pa pilo.
"Musadule, ndinu ofunika kwa ife."
Mayi anatembenuka, nkhope ili ngwee:
"Telo, mwabwera? Mwachedwatu lero."
Bambo anavomera ndi mutu mumdimamo.
Foni itaduka anaimbanso.
Anaimbanso.

Tikadzapambana, makinawo adzawatseka pakamwa.
N'zimene tinapempha, ndinasaina ndekha.
Mbala idzabweza mbuzi, inde,
koma mbuzi yake idzakhala yakufa,
ndipo mayi adzafunsa ndani kuti mwabwera?

Mapepala a mu Ogasiti ali pa tebulo la kukhitchini,
mzere wa siginecha ya bambo ukadali mbee.
Anawapsinja ndi botolo la mankhwala a mayi
kuti mphepo yochokera kudoko isawaulutse.
Cholembera chili m'thumba la malaya awo,
chomwe chija amapemphera madzi.
Ndimachiona m'mawa uliwonse ndikamawapatsa khofi.
Sindifunsa.