Pulesha

Usiku wonse ku Gulupu ndakhala ndikumanga mikono ya anthu,
kupopa kampira, kumvetsera mtsempha,
kulemba manambala awiri, ina pamwamba ina pansi.
Ndatsika minibasi ku Chimwankhunda
phiri la Soche litafunda chiperoni mpaka kumutu,
zala zanga zitachita dzanzi m'matumba a juzi.

Bambo ndawapeza pampando wawo,
dzanja lamanzere lili pamiyendo ngati la mlendo,
thaulo paphewa, sopo m'kambale.
Sitiroko inawalanda zambiri, ukhondo ayi.
Ndatsegula mpopi wofiira:
kho, kho, ngati mkulu wa chingambwe m'mawa,
kenako kamadzi kowonda ngati ulusi wosokera bala,
kenako zii.
Giza ali m'denga, watentha ndithu,
ndikumumva akung'ung'udza yekha,
koma kutsika wakana.

Che Saiti afika cha m'ma naini
panjinga yomangirira bobojani ndi mphira.
Moni wawo ndi wamfupi.
Agunditsa sikuludiraiva papaipi,
chigwiriro kukhutu, maso tsinzinu.
Ndaseka ndekha pakhomo la bafa:
si mmene ndimachitira ine pachifuwa cha mwana?

"Sisitala, madzi awa ndi apaulendo.
Achoka ku Shire, akwera zitunda usiku wonse mokankhidwa,
akamafika kuno ali wefuwefu.
Ndiye inu mwawatsekera pakhomo ndi mchenga."

Akwera pamakwerero obwereka kwa a Namathanga,
alowa pakabowo ka siling'i, miyendo pambuyo.
Fumbi lagwera m'tiyi wanga.
Ndamva bobojani akuluma, valavu ikulira,
mawu amodzi a Chiyao omwe sindiwalemba pano.
Atsika ndi kasefa
kochepa ngati chitsekerero cha botolo,
kodzaza mchenga, dzimbiri, ndi kansanza ka tepi woyera
komwe wina anasiya zaka zomwe amayi anali moyo.
Akatsuka ndi mswachi wakale wa bambo.
Bambo akuyang'anitsitsa. Akuuzindikira.

Koma mpopi ukutsokomolabe.
"Mwatsala mpweya," atero Che Saiti,
"ndipo mpweya suchoka chifukwa mwaupempha."
Zimenezo ndikuzidziwa,
wa mu diripi ndimaugogoda ndi chikhadabo mpaka ukwere.
Iwo atenga kapaipi ka m'dimba, kodula,
mutu wina pampopi wozizira, wina pawotentha,
andigwiritsa ndi manja onse awiri.
Madzi ozizira abwerera njira yomwe si yawo,
denga lonse lachita phokoso la m'mimba,
gudugudu, gubudu,
giza wageya.

Oyamba abwera ofiira ngati a m'ngalande za Zingwangwa mvula itagwa.
Achiwiri otuwa.
Kenako beseni layamba kuyimba,
nthunzi yaphimba galasi, nkhope yanga yasowamo.
Bambo, amene mawu awo chaka chino
amadontha limodzi limodzi,
aviika dzanja labwinolo.
"Otentha," atero, ndipo latuluka lathunthu.

Powerenga ndalama Che Saiti akanda kunkhongo.
Akuti mutu wakhala ukuwagunda sabata ziwiri,
mwina ndi kuweramira masinki.
Ndawakhazika pandowa yovundikira,
ndakwinya mkono wa ovolosi wonunkha girizi,
ndapopa, ndamvetsera.
Ndapopanso, poganiza kuti ndi tulo tanga.
Handiredi eyite pamwamba. Pansi handiredi teni.
Ndalemba kuseri kwa lisiti la mawashala.

Ayang'ana kapepalako nthawi yaitali
monga ndinayang'anira kasefa kawo.
"Ikanakhala yolowetsa m'paipi imeneyi,
Soche yense akanasamba shawa."
Sindinaseke.
Lero, Che Saiti, osati mukamaliza ya ku Chilobwe.
Mchere muchepetse. Njinga muikankhe pachitunda.

Atuluka akuikankhadi, mpaka pomwe maso anga afika.
Chiperoni chawameza pa golosale.

Ndabwerera kubafa, nsapato za ntchito zili kumapazi.
Bambo aweramitsa msana.
Ndikuwathira pang'onopang'ono ndi kapu,
kuyambira phewa lomwe silimva.