Malolemba a Sungeni

Anandipatsa chipinda chomwe kale ankasungiramo makasu a sukulu.
Muli bedi limodzi, sikelo, kabati yopanda loko,
ndi foni iyi yong'aluka pakona
yomwe ndimatchajitsa kwa ometa tsitsi pa Chamama.

Lolemba, belu lachiwiri lisanalire,
anzake awiri abwera naye Sungeni atamugwira m'khwapa.
Sakulira. Kulira kumafuna mpweya.
Mapewa akwera kufika m'makutu,
pakhosi pachita kadzenje,
m'chifuwa muli kamwana ka mphaka kovundikiridwa ndi dengu.

Nditsegula pulogalamu ija.
Chifuwa chikakwera, chala changa chigunda galasi,
chikakweranso, ndigundanso,
kwa mphindi yathunthu ndine woyimba ng'oma
wolondola mapazi a wovina wotopa.
Makumi anayi.
Galasi lasanduka lachikasu, layamba kufunsa:
Milomo yasintha mtundu? Akutha kumaliza mawu?
Ndikuti, tatchula dzina lako lonse.
Akuti, Sunge...
n'kuima ngati njinga ya makala pachitunda.

Botolo lapulasitiki lobooledwa kumatako,
kachopopera kabuluu pabowopo.
Foni iwerenga, ine ndipopa, iye akoka.
Tidikira. Tibwereza.
Panja a Sitandade 5 akuloweza mitsinje ya m'dziko muno,
afika pa Bua mphaka uja atagona.

Patatha milungu isanu ndi umodzi
foni yandionetsa zomwe ndinalemba ndi chala changa
koma osaziona:
timadontho tachikasu tonse taima pamzere umodzi
ngati ana olandira phala.
Lolemba, Lolemba, Lolemba.
Ndafunsa mwanayo za Loweruka ndi Lamulungu.
Akuti timasankha fodya m'chigafa mpaka mdima,
ndipo mabelo amagona kuchipinda kwanga,
adadi akuti akuba saganizira chipinda cha mwana.

Uthenga wapita. Bambo Kachipande abwera Lachinayi,
chipewa m'manja, zala zakuda ndi utomoni wa masamba.
Awerenga pagalasi pang'onopang'ono, milomo ikugwedera:
Mwana asayandikire fumbi ndi utsi.
Aseka, koma m'maso mulibe phwete.
Anesi, nsapato wavalayo ndi fodya.
Yunifolomu ndi fodya. Kachopopera kanuko kakatha,
ya kabaza yopitira ku boma ituluka m'belo lomwelo.
Foni yanuyo yati tidye chiyani?

Ndayang'ana pagalasi. Ndatsitsa, ndakweza.
Pali malo olemba kulemera, malo olemba mankhwala,
palibe malo a funso limenelo.
Ndaiika foniyo chafufumimba pabedi
n'kuwapatsa botolo lija kuti aliyese okha.
Akhala nalo nthawi, akulitembenuza.
Kenako akuti, mwanayu masamu amawatha?
Ndati amawatha.
Anyamuka osatsanzika bwino.

Ndamva kwa anzake kuti mabelo asamukira kwa amalume,
akugona ndi galu ndi mnyamata wa chibonga.
Sungeni wapatsidwa kope ndi mpando pansi pa mthethe,
kutali ndi jeke,
alemba makilogalamu, alemba ngongole za feteleza,
wapezanso kuti wogula wina ankawabera pasikelo.
Mphepo ikatembenuka fumbi limamupezabe,
sindinganame kuti mphumu yathawa.

Lolemba lino magetsi azima kuyambira Lachisanu,
ometa atseka, foni yafa ndithu.
Wabwera yekha, akuti mungondiona.
Ndaika khutu pamsana pake monga ankatiphunzitsira kale,
ndikuwerenga ndi wotchi ya pamkono.
Muli mphepo yokha, yolowa ndi kutuluka,
yosapempha chilolezo kwa munthu.
Tatchula dzina lako.
Sungeni Elufe Kachipande, Sitandade 6 B,
kodi ndingakasewere nawo mpira wamanja?
Zonsezo pa mpweya umodzi, wina n'kutsalako.

Foni ikadzadzuka idzapeza bokosi la lero lopanda kanthu,
idzayesa kuti Lolemba limeneli kunalibe.
Ndalilemba pachikuto cha rejisitala.
Pakhomo paima kale Lekeleni,
tsache m'manja, choko m'tsitsi,
mapewa ake ayamba kukwera.