Phale la Aroma pa Kamwendo

Folomena wabwera ndi phale m'sokosi.
Ati si lenileni, lenilenilo salola kuti lituluke,
ili n'loumba motengera, lophunzitsira ana.
Walikhazika pa benchi, pakati pa nkhali zanga,
lero la msika, fumbi likulowa m'mano.

Khudzani m'kati, achimwene, akutero.
Ndakhudza. Mukukanda ngati lilime la ng'ombe.
Ndati woumba uyu anali waulesi, sanasankhe mtapo.
Waseka mpaka kutsamira njinga yanga.
Timiyalato anachita kudzala dala, dothi lili lofewa,
kuti adyo ndi masamba zikalowa, zituluke zosalala.
Mbale yomwe ndi mphero yomwe.

Ndiye wayamba kundiwerengera ngati kalata:
mlomo uwu wopindikira pansi ndi pogwirira,
apa pothyoka panali kamlomo kotsanulira.
Ukaona pothyokapo, mtundu wa dothi sunama.
Loyera, lotuwa, lofiira, lililonse lili ndi kwawo,
timiyalanso tili ndi kwawo.
Ndipo apa, wandigwira chala n'kuchiyendetsa,
pali chidindo. Zilembo zinayi zokha zatsala,
theka la dzina la munthu
amene anafuna kuti wogula adziwe kobwerera.

Zaka pafupifupi zikwi ziwiri.
Ine ngongole ya chaka chatha ndaiwala kale.

Watambasula mapu, madontho ngati nthomba:
apa ng'anjo, apa doko, apa linga la asilikali.
Dzina lomwelo kuno, dzina lomwelo uko,
mtunda wa masabata pa ngolo.
Iye akuona madontho.
Ine ndikuona wonyamula.
Ndikuona udzu woyala pakati pa mbale ndi mbale,
chingwe chomangidwa kawiri, mtima uli m'mwamba pa chigwa chilichonse,
wamsonkho pa chipata akugogoda katundu ndi ndodo
ngati si dothi,
ndi phokoso lija, losamveka kwa wina aliyense,
la imodzi yong'aluka pansi pa zinzake.
Ameneyo dzina lake lili pati, Folomena?

Wati palibe.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndapalasa msewu wa ku Mwami,
nkhali zisanu ndi imodzi kumbuyo, ziwiri m'mbali.
Sindinapite ku yunivesite koma ndimange m'maso:
ndigogoda kamodzi, ndikuuza kuti iyi n'ja Naliyera,
imalira mopyapyala, khosi lake n'lalifupi;
iyi n'ja mai a kuseri kwa phiri aja,
dothi lawo limathwanima ngati muli nyenyezi zosweka.
Ya Naliyera ili ndi timizere titatu pa phewa.
Ndinamufunsa tanthauzo, anati
ndi pomwe chikhadabo changa chimathera.

Folomena watulutsa kope. Nenaninso, akutero,
pang'onopang'ono.
Aka n'koyamba mlongo wanga kulemba mawu anga.

Wandionetsa chithunzi china mu foni:
mbale yathunthu koma pansi pali chiboo.
Sinagwe ayi. Inatha ndi kupera,
dzanja lina linazungulira momwemo zaka ndi zaka
mpaka timiyala tonse tinadyedwa pamodzi ndi ndiwo.
Imeneyo ndaiyang'ana nthawi yaitali.
Wogulayo sananyengedwe.

Pa mlatho wa Bua pali zanga zitatu,
za tsiku lija lole inandikankhira kumbali.
Ndinazikankha ndi phazi, zikagwere m'matope.
Tsiku lina wina adzazitola ndi kaburashi,
adzawerenga timizere titatu, adzaika dontho pa mapu,
adzati: panali njira apa.
Za bondo langa sadzalemba.

Mai wina waima, dengu kumutu, akuloza phale.
Chosweka icho mukugulitsa bwanji?
Folomena walibweza m'sokosi msangamsanga.
Ine ndagogoda nkhali ya Naliyera, yalira,
ndatchula mtengo wokwererapo pang'ono.