Kamodzi Kokha

Magetsi anathima Lachiwiri, mpaka lero zii.
Gilayinda yagona pakona ngati galu wodwala.
A Twaibu asolola chodulira chakale m'thumba la feteleza,
njanji zake ziwiri zachita dzimbiri
ngati zija za kuseri kwa siteshoni.
Adonthezera mafuta a mashini osokera a akazi awo,
kagudumu kadzuka.

Poselini si seramiki, iwe Zuwena, akutero.
Seramiki amakhululuka. Uyu amasunga mangawa.
Anapsa pamoto woposa wa uvuni wa njerwa,
ndiye usamukalipire, usamunyengerere.
Muuze kamodzi.

Ndiyeza ndi tepi. Ndiyezanso.
Khoma la nyumba ino n'lokhota,
amene analimanga anathawa ndi adivansi:
kumtunda mpata wa zala zinayi, kumunsi zitatu ndi theka.
Pensulo ikuterereka pankhope yosalalayi,
ndimata kapepala, ndilemba pamenepo.

Pafoni yotsamira ndowa
mwini nyumba ali ku Joni, mutu m'chipewa cha ubweya,
ife thukuta kamukamu, malata akuthetheka,
Okutobala wa ku Salima.
Zaka zisanu ndi ziwiri wakhala akutsuka magalimoto a eni
kuti phazi la mayi ake lidzaponde pozizira.
Zatsala zingati? akufunsa.
Yatsala imodzi.
Zitatu zina ndinaswa ndine,
zili kuseri kwa thanki, ndafunditsa pepala la simenti.

Ya dzulo ndinabwereza mzere.
Ndinakayika pakati, ndinaima, ndinabwerera m'mbuyo,
mng'alu n'kudzisankhira njira
ngati madzi a mvula m'timisewu ta kwa Kaphatenga.
A Twaibu sanakalipe.
Anatola chiduswa, nayendetsa chala m'mphepete:
apa, apa ndi pamene unaganiza zina.
Sananame.
Ndinamva anyamata okanya matope akuseka
kuti mkazi pasaiti ntchito yake n'kutunga madzi.

Lero dzanja lawo likunjenjemera, shuga wawadzukira.
Andipatsira mpini osandiyang'ana,
akhala pachitini cha penti, atsinzina.
Ndimvetsera ndi khutu, akutero, maso atha ntchito.

Ndipukuta pansi pa chodulira.
Kamchenga kamodzi n'kokwanira kutigonetsa ndi ngongole.
Nditsamiritsa tailosi pachotchinga mpaka isiye kugwedera,
kagudumu pamlomo penipeni.
Osati ndi phewa. Osati ndi mkwiyo.
Mphamvu yongokwanira kutsegula chitseko cha mwana ali m'tulo.

Ndikoka mpweya. Ndikankha.

Tsiiiii,
kulira kwa nyenje mumtengo wa masawu masana,
kosadukiza, kosameza malovu,
kuchoka m'mphepete muno kukagwera uko.
Mzere wake ngwochepa kuposa tsitsi,
ukautaya ndi diso suupezanso.
Chala chikundiyabwa kuti ndibwereze.
Ndichikaniza.

Nditsitsa kaphazi kachitsulo,
mapiko ake awiri uku ndi uku kwa mzere,
ndisindikiza pang'onopang'ono

thyo.

Palibe fumbi. Palibe dzino lotsalira.
Zidutswa ziwiri zagona moyandikana
ngati sizinakhalepo chinthu chimodzi.

A Twaibu sanatsegule maso.
Kanya simenti, akutero, isanaume ndi mphepoyi.
Pafoni netiweki inaduka kalekale,
nkhope ya ku Joni yauma kukamwa kuli yasa.
Anyamata aja apita kukagula chinangwa chokazinga.

Ndikwecha m'mphepete ndi kamwala,
ndigwada, ndilowetsa kachidutswa kanga
kuseri kwa chitseko cha kubafa,
kumene tsache lokha ndi limene lidzakaone.
Kalowa ngati kanabadwira pomwepo.

Madzulo ano malume afunsanso
za bambo wa chigayo wa ku Thavite uja,
amene akuti akandichotsa m'fumbi la simenti.
Ndawayankha kale kawiri, katatu,
ndikuima pakati, ndikubwerera m'mbuyo,
n'chifukwa chake nkhaniyi ikung'ambikira kulikonse.

Ndikutsuka manja m'ndowa, madzi ayera mbuu.
Ndayeza. Ndayezanso.