Mlonda wa Masana

Ndaweruka m'bandakucha ku Makata.
Usiku wonse ndalondera matumba a simenti
amene sanandiyankhule ngakhale liwu limodzi.
Zikope zikulemera ngati ndazimangirira njerwa,
koma sukulu ya mkaka yatsekera,
amayi ake alawirira ku Limbe ndi belo la kaunjika,
ndiye Tiyese ndi wanga mpaka dzuwa lipendeke.

Zaka ziwiri ndi theka.
Mawu amene amadziwa sakwana makumi atatu,
ndipo ambiri mwa iwo ndi "ayi".

Chiperoni chameza phiri la Michiru.
Mtengo wa mapeyala wa alandilodi
ukutaya masamba pakhomo pathu
ngati makalata okumbutsa lendi.
Ndimati ndisese.
Iye watola limodzi, lofiirira, louma gwa,
walifinya m'kadzanja, tswa!
nandiyang'ana ngati watola ndalama.
Tsache ndalitsamiritsa kukhoma.

Tayala katoni ya sopo pakhonde.
Ndaphika kaphala ka ufa wa chinangwa,
guluu amene tinkamatira makope ku pulayimale.
Wapisa chala. Wanyambita. Wachita tsinya.
Wapisa dzanja lonse.
Tsamba apa, tsamba apo,
lina pachipumi panga,
lina pamchira wa mphaka wa a Mulepa
amene sanatilakwire chilichonse.

Ine ndimafuna nkhuku.
Ndajambula ndi khala mlomo ndi miyendo iwiri
kuti masamba akhale nthenga.
Iye waunjika onse kumutu
nanena kuti, "Basi."
Ndamufunsa: basi yopita ku Limbe
kapena basi, tamaliza?
Wagwedeza mutu, kuvomera zonse.

Kenako nandolo,
wouma uja anatitumizira achimwene ku Chiradzulu.
Ndamukhuthulira m'lichero,
ndakwiriramo supuni, chitsekerero cha botolo
ndi kiyi wa loko imene inafa chaka chatha.
Akufukula ndi manja onse awiri,
nandolo akudutsa pakati pa zala
ndi kaphokoso ka mvula yoyamba pamalata.
Mwana wangoti zii, kukamwa yasa,
dovu likutsika ngati ulusi.
Mmodzi walunjika kumphuno,
ndagwira dzanja m'malere.
Ku Makata zaka zisanu sindinagwirepo wakuba;
pano ndagwira atatu ola lisanathe.

Wina tamuthira m'botolo,
ndatseka zolimba, ndakulunga selotepi.
Tsopano m'nyumba muno muli chisekese
ndipo tulo tanga tasamuka osatsanzika.

Madzi a pampopi anasiya Lachiwiri.
Ndayang'ana chigubu, ndayang'ana mwana:
phala, makala, katondo mpaka m'makutu.
"Makapu atatu okha," ndatero,
ngati amadziwa mtengo wa chigubu.
Wamenya m'beseni, thovu lakwera m'nsidze.
Watunga, wakhuthula, watunganso,
wawafumbata, watambasula chikhatho, mulibe kanthu.
Wandiyang'ana ngati ndine ndawabisa.

Cha m'ma leveni chifunga chang'ambika pang'ono,
kadzuwa kagwera pamkeka.
Wagona pachifuwa panga osapempha,
chikhatho chikununkha chinangwa,
katsamba kamodzi kali chikakamirire kutsitsi.
Ine amene ndimalipidwa kuti ndisagone
ndili maso mwaulere,
mkono wachita dzanzi,
sindikuusuntha.

Madzulo amayi ake afunsa
kumene kwapita ndiwo za mawa,
amene wamaliza madzi,
ndi chimene takhoma pamwamba pa kalendala.
Ine ndinena kuti ndi nkhuku.
Tiyese anena kuti basi.

Ndiyeno ndivala jombo ndi chijasi,
nditsika njira ya fumbi ya Chilomoni
minibasi yomaliza isanandisiye.
Pakati pa usiku, pageti la ku Makata,
mphepo ikundilowa m'mafupa,
ndikapisa m'thumba kufuna tochi
ndikapezamo nandolo mmodzi,
womata.