Chitsulo cha pa Mbawa

M'mawa uliwonse, nkhungu ikadali pa phiri,
mnyamata wa Sitandade 7 amatola bawuti yadzimbiri
n'kumenya chitsulo chopachika pa mbawa:
ngwe! ngwe! ngwe!
Ana amathamanga, matsache ali m'manja.
Palibe amafunsa kuti belu lathuli linachokera kuti.

Ine ndikudziwa. N'chidutswa cha njanji,
kutalika kwake mkono umodzi wa munthu wamkulu,
chonsecho njanji kuno ku Zomba sinapondeko.

Anabwera nacho ndi Namakhwa, mkulu wawo wa agogo aamuna,
amene anamulemba dzina chaka chomwe msonkho unakwera
n'kumutsitsira kuchigwa, ku Chiromo, kukayala zitsulo.
Ankati njanjiyo n'njopapatiza,
mapazi atatu ndi theka, kapitawo ankayeza ndi ndodo,
koma paphewa panalibe chopapatiza.
Amuna khumi ndi awiri chitsulo chimodzi,
nkhata itanyowa, udzudzu uli m'makutu,
Ruo akadzaza n'kukokolola thukuta la mwezi wathunthu,
m'mawa mwake n'kuyambanso.

Malipiro ake nsalu, mchere wa m'chikho,
ndi kapepala koonetsa mesenjala.
Ogwa ndi malungo ankawakwirira m'mbali mwa mtumbira
popanda mwala, popanda dzina.
Buku linalipo ndithu:
ankawerengeramo misomali.

Wina anawauza, kaya ndi kalaliki, kaya ndi mphekesera chabe,
kuti sitima idzakwera mpaka kulikulu,
kwa Bwanamkubwa, m'tsinde mwa phiri lakwawo.
Namakhwa anayamba kuwerengera:
ndidzatsikira pa Thondwe nditavala jekete,
mayi adzandionera pazenera.

Njanji inafika ku Limbe n'kukhala pansi.
Itadzuka, patapita zaka, inayang'ana kwina,
ku Lirangwe, ku Balaka,
kununkhiza thonje ndi fodya.
Zomba inatsala ndi mafayilo ake ndi mbendera,
makalata akubwera pa lole, fumbi lili pambuyo.

Iye anali atabwerera kalekale, wapansi,
chala chimodzi atachisiya ku Luchenza pansi pa chitsulo,
pamutu atasenza chodulidwachi
chomwe anatola usiku pa mulu wa zotsala.
Masiku atatu panjira. Anthu ankamuseka:
anzako abwera ndi mabulangeti,
iwe wasenza katundu wa mzungu wopanda kukutuma!
Ankangoti: Zomba inalonjezedwa njanji.
Nayi.

Sitima sanakwerepo.
Kamodzi, imvi zitamera, anapita ku Limbe,
anaima pa siteshoni n'kuyang'ana mabenchi a kalasi yachitatu,
anafunsa mtengo wa tikiti,
anawerenga makobidi ake kawiri,
n'kukagula shuga ndi parafini.
Kunyumba anangonena kuti imalira bwino.

Chitsulocho chinakalambira pakhonde.
Ankawongolerapo misomali, kusulirapo makasu,
akazi ake n'kumaphwanyirapo mchere wamiyala,
mpaka tsiku lomwe belu la amishoni linang'aluka
ndipo aphunzitsi aakulu anabwera kudzachibwereka
kwa sabata imodzi.
Sabatayo sinathe mpaka lero.

Pambali pake pali manambala ofufutika
ndi zilembo za fakitale ya kutsidya kwa nyanja zamchere.
Dzina la fakitale lilipo.
La Namakhwa ndimalisunga ine, m'kamwa,
pamodzi ndi chifuwa cha choko.

Dzulo, tikuphunzira za mayendedwe,
Tiyanjane, yemwe amakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko,
anakweza dzanja: Madamu, sitima imamveka bwanji ikamabwera?
Sanaionepo. Enanso makumi asanu ndi anayi sanaionepo.
Ndinatseka buku.
Tinatuluka tonse kupita pa mbawa,
ndinamenya kamodzi kokha
n'kumuuza kuti adikire kulira kuzilale,
kenaka agunditse khutu.

Anakhala nthawi yaitali, maso atatsinzina,
tsaya lake litadetsedwa ndi dzimbiri.
Anzake ali duu pamzere, kudikira.

Ikubwera, Madamu, anatero,
koma ikadali kutali.